Ndinkangoti Uli ku Joondalup

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba masana ano, iwe utapita kukatsanzikana ndi anzako kuntchito, amayi ako akupumula poti achokera ku shifiti. Masutikesi ako awiri ali pakhomo la chipinda chako, andipunthwitsa kale kawiri. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ukudziwa mmene timachezera ine ndi iwe. Ine ndimayamba m'Chichewa, iwe umayankha m'Chingerezi chothamanga, ndipo pamene ndikufika pa mfundo yanga iwe wagamula kale mlandu. Papepala sundidula mawu. Werenga pang'onopang'ono. Mawu amene akuvute usafunse amayi ako, udzafunse ine.

Mawa ukupita kum'mawa kwa dziko lino, kukakhala pamaso pa anthu amene adzanene ngati ungalowe sukulu ya udokotala kapena ayi. Aka n'kachitatu kuyesa, ndipo wanena wekha kuti n'komaliza. Wanenanso kuti kaya akutenga kaya akukana, ku Perth subwerera, ntchito ya unamwino waipeza kale kumeneko. Sindikukuletsa. Mzinda uno, ndikanakhala ndi miyendo ya msinkhu wako, nanenso ndikanauthawa. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna ukwere nacho ndege.

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ndinamva zimene a Matola ankakuuza pafupi ndi tebulo la tiyi. Ndinaima kumbuyo kwanu ngati ndikufuna shuga. Anati, "Tiya, akakufunsa mbiri yako, yambira pa yunivesite. Za koleji yaing'ono ija usazitchule. Anthu amenewa akangomva dipuloma amaona munthu wolephera sekondale, basi." Iwe unavomera ndi mutu. Masiku atatu awa ndakhala ndikukumva ukukonzekera mayankho kuchipinda kwako, ndipo ngakhale Chingerezi changa n'cha ku depoti ya katundu kumene ndimagwira ntchito, ndamva bwino kuti zaka zako za ku koleji ya ku Joondalup wazifafaniza zonse. Ukulankhula ngati unabadwa digiri ili m'manja.

Usachite zimenezo. Nkhani ya kalata yonseyi ndi imeneyi, zotsalazo ndi zifukwa chabe.

Ndiyambe ndi dzina limene linandigwetsa. Kwathu ndinagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha mishoni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Anandilemba kuti ndizikolopa ndi kuwiritsa zida, koma amene anaphunzira za mankhwala analipo mmodzi yekha, ndipo iye akapita ku boma kukatenga katundu odwala sankadikira. Ndinatsuka zilonda, ndinasoka mabala a zikwanje, ndinabaya jakisoni ana amene lero ali ndi ana awo. Anthu ankanditcha adokotala. Kwathu aliyense wovala choyera pachipatala ndi adokotala, ndi wopereka makadi pawindo yemwe. Ine dzinalo ndinalimva zaka zonsezo mpaka linandilowa m'mafupa. Titawatsatira amayi ako kuno, iwe uli ndi zaka khumi, ndinapita kukafunsira ntchito ku nyumba ina yosamalira okalamba. Mayi wofunsa mafunso anali waulemu, anandipatsa madzi akumwa. Anandifunsa kuti kwanu munkagwira ntchito yanji. Ine, nditavala jekete langa la ukwati, ndinati dokotala. Anamwetulira n'kupempha mapepala. Ndinatulutsa satifiketi yanga ya maphunziro a milungu isanu ndi umodzi, ya katsukidwe ka zilonda. Anaiyang'ana kumaso, anaitembenuza ngati udokotalawo aulemba kuseri. Kenako anafunsanso funso lomwe lija, pang'onopang'ono, mmene umafunsira mwana amene wamupeza ndi shuga kukamwa. Ndinachita chibwibwi. Zoona zonse zimene ndikanamuuza, za zilonda, za amayi amene ndinawachiritsa mlatho utakokoloka, zinasanduka zabodza chifukwa cha liwu limodzi loyamba lija. Iye ankafuna munthu wodziwa kusambitsa nkhalamba ndi kuitembenuza pabedi. Munthu ameneyo anali pampando patsogolo pake, koma amene anamubisa ndine. Sanandiimbire foni, ndipo ine sindinapondenso pakhomo la chipatala chilichonse kukafunsira ntchito. Tamvera, Tiya. M'chipinda cha mafunso ukangoyamba ndi kudzikongoletsa, ndi zoona zako zomwe zimayamba kununkha.

Masiku amenewo migodi ya kumpoto inkameza aliyense wokhala ndi manja awiri. Sankafunsa satifiketi. Ndinapita kukayala mabedi ndi kutsuka zimbudzi m'kampu ya anthu a mumgodi, milungu iwiri kumeneko, umodzi kunyumba. Ndinkadziona ngati munthu, ndege popita, ndege pobwera. Zaka zimenezo n'zimene iwe unali ku sekondale, ukusankha maphunziro amene amatsegula kapena kutseka zitseko, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuno mwana amayamba kusankha udokotala ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwana wa a Matola ankadziwa, bambo ake anamukhazika pansi ndi pensulo. Iwe unandibweretsera fomu nditangotsika ndege. Ndinasaina chiimire, nsapato zili fumbi lofiira lokhalokha, n'kunena kuti sankha zimene umakonda. Ndinkayesa ndi chikondi chimenecho. Malikisi ako omaliza ataperewera sindinamvetse ngakhale nambala imene unkailirira. Chaka chomwecho miyala ya m'migodi inatsika mtengo, theka la kampu linatsekedwa, anatipatsa makalata otichotsa ntchito n'kutithokoza kwambiri. Amene ankandiitana kokawotcha nyama Loweruka anataya nambala yanga. Ndinapezeka ku Kewdale ndikukweza makatoni m'malole, kumene ndili mpaka lero ndi msana uwu. Choncho ukamawerenga zimene zinakupititsa ku koleji yaing'ono m'malo mwa yunivesite, usalembepo kuti mutu wako unali wochepa. Lembapo bambo amene anasaina chiimire.

Zaka zitatu izi ndaphunzira za sukulu za udokotala kuposa mmene ukuganizira. Mapepala amene unkataya m'bini ndinkawatola, n'kumakawawerenga ku depoti nthawi yopuma, dikishonale ili pafoni, anzanga akundiseka kuti mdala akufuna kulemba mayeso. Palibe pamene analemba kuti wochokera ku koleji yaing'ono asalowe. Akanalemba bwenzi zili bwino, munthu ukanadziwa mdani wako. Amayang'ana malikisi a digiri, mayeso aakulu aja amene unalemba kawiri, ndi intaviyu. Dipuloma yako saikana, komanso saiwerenga. Ili ngati mlendo amene amupatsa mpando koma osamufunsa dzina. Chimene koleji imakudyera ndi zaka, ndiponso umafika pamzere wopanda wokuuza kumene mzerewo ukulowera. Ambiri mwa amene ukukapikisana nawo anaphunzira digiri ali pakhomo pa makolo awo, chakudya chikuwapeza patebulo. Iwe unkachoka kosambitsa okalamba, kukwera sitima, kusinthira basi ku Murdoch, n'kukalowa m'kalasi yunifolomu ili m'chikwama. Pafomu yawo palibe bokosi lolembamo zimenezo. Malo okha amene angazimve ndi m'chipinda chija, kuchokera pakamwa pako. Ndiye iwe ukufuna ukatseke pomwepo?

Ukukumbuka uli chaka choyamba ku koleji, atakutumizani kukaphunzira ntchito ku nyumba ya okalamba? Tsiku lina unabwera nkhope ili yakugwa. Kunali mkulu wina, mzungu amene kale ankagwira ntchito ku njanji, mutu wake unali utasokonekera ndi ukalamba. Ankakulavulira ndi kukutchula mayina amene unakana kundimasulira. Anali ndi chilonda chobwera ndi kugonera mbali imodzi, ndipo aliyense akafuna kumutsuka ankakuwa ngati akumupha. Amayi ako anayamba kukuuza za mankhwala ndi mabandeji, iwe unati zimenezo ukuzidziwa kale. Kenako unatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa, chinthu chimene sichinkachitikachitika: "Adadi, inu munkatani?" Ndinakuuza kuti usayambe ndi chilonda. Yamba ndi mapazi, madzi ofunda, uzimulankhula za chilichonse, kaya za sitima zakezo, kuti alidziwe dzanja lako lisanafike pamene pakupweteka. Ndinakuonetsa pamwendo wa amayi ako, iwo akudandaula kuti, "Mwandisandutsa chidole cha m'kalasi, ine namwino weniweni m'nyumba muno?" Patatha mlungu unati mkulu uja wayamba kukana ena onse, akufuna mtsikana wa mapazi. Pamene ankamwalira unali pomwepo, ndipo unathandiza kumusambitsa. M'dziko lino palibe wina amene anandifunsapo za ntchito yanga, iwe wekha, tsiku limenelo. Akakakufunsa kuti udokotala unayamba kuufuna liti, yankho lako ndi mkulu ameneyo. Ukamuchotsa utsala ndi mayankho a m'buku, amene ofunsawo amva kale kwa onse amene alowa iwe usanalowe. Ndipo akakufunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, udzachita chibwibwi ngati bambo ako.

Tsopano za a Matola. Ukudziwa kuti sindiwakonda. A Dokotala Matola, dokotala wa maphunziro a miyala ya m'migodi, munthu amene sanagwirepo mafinya chibadwire. Polengeza m'tchalitchi iwo amati a Dokotala, ine amati bambo Phiri a ku Kewdale, ngati ndinabadwira m'depoti. Zimandiwawa, sindibisa. Migodi itagwa iwo anangosamukira ku ofesi ina, ife tinasamukira ku makatoni. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwauza amayi ako kuti munthu ameneyu ndi woipa mtima, kuti msampha umene unakugwira ankaudziwa koma anakhala chete kuti mwana wake yekha ndiye avale choyera. Amayi ako amangoti, "Bambo a Tiya, mwamaliza? Tiyi wanu wazizira." Lero ndikuuza zimene iwonso sindinawauze.

Msamphawo ukuudziwa, koma ndiutchule ndithu, chifukwa dzanja langa lili pomwepo. Utamaliza dipuloma, yunivesite inakulandira n'kunena kuti chaka choyamba usachite, zimenezo unaphunzira kale ku koleji. Unandifunsa ngati ulandire. Ine ndinaseka, ndinati akukhululukira chaka, mwana iwe, munthu akakukhululukira umafunsanso kuti chifukwa chiyani? Sitinkadziwa kuti chaka chokhululukidwa chilibe malikisi. Utafunsira udokotala koyamba, sukulu ina inati zaka zowerengeka pa digiri yako n'ziwiri zokha, sizikukwana. Ina inawerenga ziwirizo, ndipo teremu ija unadwala inalemera kwambiri poti panalibe zina zoichepetsera. Unabwerera m'kalasi chaka china chathunthu kukatola malikisi amene ukanakhala nawo kale. Kuphatikiza ndi kudikira, zaka ziwiri zinapita, anzako a msinkhu wako atakoleka kale pakhosi zopimira odwala.

Mvera bwino apa. Nthawi yonse imene unali ku koleji, anthu kutchalitchi akandifunsa kuti Tiya ali kuti masiku ano, ndinkayankha kuti, "Ali ku Joondalup." Basi. Ku Joondalup kuli koleji yaing'ono, kulinso yunivesite. Sitima yake ndi imodzi, potsikira ndi pamodzi. Ndinkadziwa imene anthu aganize. Ndinkadziuza kuti sindinaname, ndangotseka pakamwa msanga. Iwe unazindikira. Pa chinkhoswe china mayi Matola anakufunsa kuti, "Nanga ku yunivesite zikuyenda, mwana wanga?" Unandiyang'ana, ine ndinayang'ana m'mbale. Unati zikuyenda. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo bambo ako anakuphunzitsa tsiku limenelo kuti kumene ukuphunzira n'kochititsa manyazi. Lamlungu lija a Matola sanabzale kanthu mwa iwe. Anangothirira zimene ndinabzala ine.

Atakukana koyamba ndinawatsatira a Matola poimika magalimoto. Ndinati, "A Dokotala, tsiku limene ankaphunzitsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, inu munajomba? Za chaka chija munkadziwa, osanena?" Anandiyang'ana modabwa, makiyi ali m'manja. Anati, "Achimwene, chaka chiti? Inu munatiuza kuti mwana ali ku yunivesite. Ndikanadziwa kuti akuchokera ku dipuloma ndipo akufuna udokotala, ndikanamuuza kuti afunse kaye asanalandire. Mwana wa mlongo wanga zinamuchitikira zomwezo. Inali nkhani ya mphindi zisanu." Mphindi zisanu, Tiya. Ndinalowa m'galimoto, ndinakhala nthawi yaitali osaliza injini. Pofika kunyumba ndinali nditaphika kale nkhani ina, yoti a Matola ndi a kaduka, ndipo ndaidya nkhani imeneyo zaka ziwiri mpaka ndinayamba kuikhulupirira ndekha. Amati safunsa anadya phula. Wosafunsayo ndinali ine, koma phula unadya ndiwe.

Pali chinanso. Atakukana kachiwiri ndinakuuza kuti usiye, unamwino ndi ntchito yolemekezeka, taona amayi ako. Unadzuka patebulo osamaliza kudya, ndipo kuyambira tsiku limenelo takhala tikupatsana moni ngati anthu a lendi m'nyumba imodzi. Unkaganiza kuti sindikukhulupirira mutu wako. Ayi. Envelopu iliyonse yokukana inkandikumbutsa malo oimika magalimoto aja, ndipo ndinkafuna zithe kuti ine ndipume. Ndinakuuza kuti usiye chifukwa cha tulo tanga, osati chifukwa cha iwe. Kumene ukupitako munthu wamkulu akadzakuuza kuti usiye, uyambe wadzifunsa kuti amene watopa ndani, iwe kapena iye.

Ukhoza kufunsa kuti, ngati a Matola ankadziwa nthawi ija, ndilekerenji kuwamvera lero? Funso ndi labwino. Malamulo a papepala amawadziwa, ndipo zimenezo uziwafunsa. Ukafika kumeneko upeze a Matola ena, ngakhale akhale onyada chotani, uziwafunsa usanasaine chilichonse. Funsa ngakhale akuyang'ane ngati wangotsika basi ya kumudzi. Mphatso iliyonse ya ku ofesi uziifunsa kuti ikuchotsera chiyani. Usatengere ine. Koma pa nkhani ya kubisa, katswiri ndine, osati iwo. Ndabisa kawiri. Koyamba ndinataya ntchito yanga, kachiwiri ndinataya zaka zako.

Sindikukulonjeza kuti ukanena zoona akutenga. Mwina m'chipindamo mudzakhala wina amene akangomva za koleji adzaika cholembera pansi. Anthu otero alipo, ndawayalira mabedi, ndawanyamulira makatoni. Dziko lino limaseka nawe bwino, koma limayeza munthu ndi chitseko chimene analowera. Komabe akakukana, akane Tiyamike amene timamudziwa, amene anagwira mapazi a nkhalamba yomulavulira. Akakana mtsikana wopeka uja wa kuchipinda kwako, udzakhala moyo wako wonse ukudzifunsa ngati weniweniyo akanalowa. Ine funso limenelo ndimadzuka nalo tsiku lililonse, ndimakwera nalo basi, ndipo imvi zadzaza mutu lisanayankhidwe.

Zing'onozing'ono ndi izi. Kumeneko akuti kumazizira kuposa kuno, tenga juzi la amayi ako labuluu, asakunamize kuti akulifuna. Ukalowa m'chipindamo uwayang'ane m'maso. Kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, kuno amati ukubisa kanthu, ine ndinazidziwa mochedwa. Akakufunsa chimene sukudziwa, nena kuti sukudziwa, usazungulire. Udye kaye usanapite, iwe ukakhala ndi njala umayankha mwamwano. Akadzakutenga, anamwino usadzawadutse ngati mipando, ndi wokolopa yemwe uzimupatsa moni, sudziwa mabala amene anasokapo kwawo. Akapanda kukutenga, usadzatchule unamwino wako ndi mawu otsika mmene ine ndinkatchulira sukulu yako. Amayi ako uziwaimbira, amadzilimbitsa pamaso pako koma dzulo ndinawapeza akupindanso zovala zimene unapinda kale. Ine ukhoza kungondilembera mawu awiri, m'chilankhulo chilichonse.

Sindikukupempha kuti mawa pabwalo la ndege unene kanthu za kalatayi. Ukhoza kukwiya nayo mwezi, kaya chaka, uli ndi chifukwa. Ndingokuuza chimene ndichite ine.

Intaviyu yako ndi Lachiwiri. Lamlungu likubwerali, nthawi ya zolengeza, ndapempha kale kwa mkulu wa mpingo kuti andipatse mpata wopempherera wapaulendo. Ndidzaima kutsogolo, a Matola ali pabenchi lawo loyamba lija, ndipo ndidzanena kuti mwana wanga Tiyamike anayambira ku koleji yaing'ono ya ku Joondalup, dipuloma ya unamwino, ndipo ine bambo ake ndinakubisirani chifukwa cha manyazi. Amayi ako akadzuka ndiwauza zonsezi, ndipo ndikudziwa kale yankho lawo. Adzati ndidikire zotsatira, anthu angatiseke kawiri. Sindidikira. Ukadzalowa, aliyense adzafuna kuinyadira koleji imeneyo, ndi a Matola omwe adzati iwo ankadziwa kale kuti mwanayu afika patali. Kunena nthawi imeneyo n'kosavuta, aliyense angathe. Ine ndikanena Lamlungu, tisanadziwe kanthu, kuti Lachiwiri iwe usakakhale woyamba kuitchula.

Uyende bwino, Naphiri.

Ndine bambo ako.